Famu ya Mphepo ya a Stephano

"Ine ndikangoona chinthu pa chithunzi, dziwani kuti chabadwa kale. Anzathu amamanga famu ya mphepo ndi mapepala ndi misonkhano, ine ndamanga ndi maso awiriwa, ndipo kuyambira lero magetsi pabwalo pano akhala ngati mpweya, ongopuma!"

Ankadzitama chonchi ndi a Stephano, mmisiri wowotcherera mageti wa ku Balaka, ataima pansi pa chimtanda chachitsulo chimene anadzika pambali pa shedi yawo, kuseri kwa nyumba ya alandilodi awo MmaLesego ku Kopong, m'dziko la Atswana, pamwamba pake pali mapiko atatu odulidwa ku diramu, ali duu. Mayiwo anali atatopa ndi makina owotcherera amene ankameza mayunitsi a pa mita ngati ali ndi njoka za m'mimba, ndiye anagamula kuti pofika Loweruka a Stephano apeze magetsi awoawo kapena shediyo ichoke. Ndipo womvera kudzitamako anali mlamu wawo Prosper, mlonda wa maofesi ena a ku CBD, pakatikati pa mzinda, amene anali atangotsika kombi, minibasi ya kumeneko, yunifolomu ili m'thupi.

"Sizikuzungulira," anatero Prosper, khosi lili m'mwamba.

"Kwanu ku Ntcheu anthu sayamba ndi moni?"

"Mwadzuka bwanji, alamu. Sizikuzungulira."

"Zikupuma."

"Zinagwira ntchito yanji?"

"Makina atsopano sawathamangitsa. Ngakhale galimoto yatsopano amayamba nayo pang'onopang'ono."

"Koma imayenda."

"Kodi inu mwabwera kudzandithandiza kapena kudzalondera? Kuno kulibe mabwana oti muziwatsegulira zitseko."

Mphepo ya mwezi wa Ogasiti inadutsa mumsewu itanyamula fumbi, majumbo ndi chipewa cha munthu wina. Mapiko aja sanaphethire n'komwe.

"Mphepo ndi iyo yadutsayo," analoza Prosper.

"Imeneyo ndi ya mumsewu, yosaleredwa. Si mphepo ya magetsi."

"Ya magetsi imabwera nthawi yanji?"

"Ikafuna."

"MmaLesego anati Loweruka."

"Ndikudziwa zimene ananena."

"Lero ndi Loweruka."

"Abale inu! Mlongo wanu Edna anakokolola nzeru zonse za m'nyumba mwanu, inu anakusiyirani kalendala basi."

Prosper anagwedeza mutu ngati wayamikiridwa, kenako anayang'ana uku ndi uku.

"Nanga famuyo ili kuti?"

"Mwaima pakati pake."

Prosper anayang'ana nsapato zake, n'kutukula phazi limodzi.

"Pa chithunzi chija zinalipo zambirimbiri, mpaka kuseri kwa phiri. Pano ndikuona chimodzi."

"Famu ya nkhuku imayamba ndi thadzi limodzi."

"Ndiye chiikira?"

"Chiikira, inde! Chiikira makasitomala! Anthu akaona babu likuyaka kwa MmaLesego popanda kugula mayunitsi, mzere wake udzafika ku Sebele. Ine mageti ndidzasiya, azidzawotcherera ana."

A Stephano anatulutsa foni yawo ya galasi long'aluka, n'kuipukuta pa ovolosi.

"Chithunzi ichi munandijambulira nokha pa khoma la ku ofesi kwanu. Tiyeni tione limodzi, poti mumakonda umboni. Mapiko atatu: awo. Mtanda woyera: uwo, penti inangondithera pakati. Kabokosi ka kumbuyo: ako, ndaikamo olitaneta ya Hilux. Chasiyana n'chiyani?"

"Kukula."

"Kukula ndinayeza. Mmisiri weniweni sadikira tepi. Umayang'ana pa chithunzipo chinthu chimene ukuchidziwa msinkhu wake, basi, zina zonse zimatsatira. Geti la adokotala aja a ku Phakalane ndinayezera galu amene anagona pambali pake. Mpaka lero likutseka."

"Apa munayezera chiyani?"

"Mbuzi iyi."

"Iti?"

"Iyi yoyerayi, yaima patsinde."

Prosper anayandikitsa mphuno pa foni.

"Imeneyo ndi lole."

"Mbuzi."

"Lole, alamu. Ya matayala ambirimbiri ija."

"Ine ndinayamba kuweta mbuzi inu musanamere mano. Nyanga izi simukuziona?"

"Ndi magalasi oonera kumbuyo."

"Asa! Nanga timaluwa tachikasu iti tili pambali pake? Lole imadya maluwa?"

"Ndi anthu. Avala zipewa za pa ntchito."

A Stephano anakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri, mbuzi ija inamera matayala. Anachichepetsanso msanga.

"Foni iyi imanama ikatentha."

"Pa khoma paja chithunzicho n'chachikulu ngati chitseko. Ndimachiona tsiku lililonse. M'loleyo muli dalaivala, watulutsa chigongono."

"Ndiye bwanji simunandiuze?"

"Munati ndijambule. Simunati ndifotokoze."

"Chabwino! Mbuzi, lole, zonse ndi zinthu zoima pansi. Nzeru yake ndi imodzi: mphepo ikankhe, chitsulo chizungulire, babu liyake. Azungu anangokulitsa pofuna kuopseza anthu."

"Ngakhale ikanakhala mbuzi, chanuchi chafupikabe. Sichikufika ndi padenga la shedi pomwe."

"Paipi inathera pamenepo."

"Munaigula yaifupi?"

"Inali yotsala pa khumbi la galimoto la mayi uja wa ku Mogoditshane."

"Khumbilo munamaliza?"

"Laima. Miyendo itatu ndi yokwanira, ngakhale mafuwa ndi atatu. Inu musandiyese ngati muli pa geti. Ndinakutumani mukafunse mainjiniya a ku ofesi kwanu aja kuti mapiko enieni amagula ndalama zingati, kuti ndikamadzakulitsa famu ndidzangooda. Munafunsa kapena munagona?"

"Ndinafunsa mayi wa pa fulo yachitatu, amene amandisiyira mandasi aja amati magwinya m'mawa."

"Eya. Anati bwanji?"

"Anakhala pansi pa masitepe."

"Ulemu umenewo. Anadziwa kuti funso lachokera kwa munthu wa ntchito."

"Ankaseka. Anaitananso mnzake."

"Nsanje."

"Kenako ananditengera pa windo. Anati, ukuziona galimoto zonse zaima panjapo? Ndinati ee mma, ndimazilondera ndine. Anati gulitsa zonsezo, ndi ya abwana yomwe, mwina ugula mapiko atatuwo. Mtandawo uziusirira pa chithunzi."

"Inu munayankha chiyani?"

"Ndinati sindingagulitse, si zanga."

A Stephano anagwira m'chiuno, n'kuseka chiseko cha munthu amene sakusangalala.

"Mukuona kuba kwake? Chitsulo ndi chitsulo, alamu! Ndalama zimenezo si za mapiko. Ndi za mahotela. Amatengana kupita ku Kasane kukakambirana za mphepo m'chipinda chotseka mawindo. Tiyi wa m'mawa, nyama ya masana, tiyi winanso, aliyense kachikwama ndi cholembera chaulere. Pobwerako akuti mphepo ndi yodula. Ine diramu ndinagula kwa Mzimbabwe wa pa Sebele, anandiwonjezeranso chivundikiro."

"Mayi uja anati famu yonse ndiye ndalama zake maboma amachita kuvala masuti kukazipempha kunja."

"Ine ndavala suti?"

"Ayi. Ovolosi."

"Ndiye ndani ali ndi nzeru pamenepa?"

"Sindinafunse."

"Sindikukutumani! Ndikukuuzani!"

"Oho." Prosper anakanda kumbuyo kwa khutu. "Anatinso phiko limodzi likamayenda pamsewu apolisi amatsogola ndi masairini, ndipo likafika pokhota amayamba azula zikwangwani. Mtandawo akuti umayang'anizana ndi nsanja zija za ku CBD. M'kati mwake muli makwerero, munthu amakwera atanyamuliratu chakudya chamasana."

"Ulesi. Changachi mumangoima pa njerwa mwafika. Chikawonongeka, ndani adzakonze msanga, ine kapena wa chakudya chamasanayo?"

"Chanuchi chawonongeka?"

"Sichinawonongeke!"

"Ndiye chikutani?"

"Ndati chikupuma! Ha, koma Edna anandiuza kuti munagwa pa ngolo muli mwana, ine ndinkayesa nthabwala."

"Ndinagwadi. Koma ndi phewa."

A Stephano anatseka maso kwa kanthawi, milomo ikuyenda. Akhoza kukhala kuti ankapemphera.

"Za nthawi mayi wa magwinya uja ananenapo? Iwowo amatenga masabata angati? Ine awiri okha, kuphatikiza tsiku limene ndinadwala m'mimba."

"Anati asanakumbe n'komwe amadzika kachitsulo koyezera mphepo, n'kudikira chaka chathunthu. Mwina ziwiri."

"Kuyeza chiyani?"

"Mphepo."

"Chaka?"

"Mwina ziwiri."

"Alibe malovu anthu amenewa?" A Stephano ananyambita chala, n'kuchiimika m'mwamba ngati mlaliki. "Nayo. Yayezedwa."

"Mwapeza zingati?"

"Yokwanira."

"Kenako akuti pamabwera mapepala. A malo, a misewu, a mbalame..."

"Mbalame! Nazonso zimasaina?"

"Sindinafunse. Ndikafunse Lolemba?"

"Mukafunsenso ngati akadzidzi amalandira alawansi."

"Chabwino."

"Osakafunsa! Mudzandichotsetsa ulemu m'tauni yonse."

"Kenako ndiye kumanga, chaka china kapena kupitirira. Anati mwana wobadwa tsiku limene anayamba kuganiza za famuyo amakhala atayamba sukulu babu lisanayake."

"Ndiye mwanayo aziwerengera chiyani zaka zonsezo? Kandulo! Mukuona nkhanza za anthu ophunzira? Ine ndimaganizira ana."

"Babu lanu layaka?"

A Stephano anayang'ana babu limene linkalendewera pa waya patsinde pa mtanda. Babulo nalo linawayang'ana.

"MmaLesego ali m'nyumbamo?" anafunsa, mawu atatsika.

"Apita ku Ramotswa m'mamawa. Ndakumana nawo potsika kombi."

"Ku maliro, eti? Zabwino zimenezo. Munthu akachokera ku maliro amabwera mtima utafewa."

"Sanavale za ku maliro."

"Kaya avale zotani, ali kutali. Tengani makwerero awo, mukwere, mupukuse ndi dzanja. Makina ena amafuna kuwakumbutsa ntchito yawo."

Prosper anavula jekete la yunifolomu, analipinda bwinobwino, n'kuliika pa njerwa. Anakwera masitepe anayi okha, n'kupezeka wafika pamwamba pa famu yonse.

"Ndipukusire kuti?"

"Kulikonse!"

"Kumanja kapena kumanzere?"

"Kumene kukulola!"

Mapiko analira kwee, kwee, ngati wilibala ya pa maliro. Patapita kanthawi, m'kati mwa babu munaoneka kofiira, kofanana ndi diso la nkhuku ya chitopa.

"Aha! Ahaa!" A Stephano anavina mozungulira mtanda. "Mukuona? Kaitaneni mayi wa magwinya uja adzakhalenso pansi! Galimoto zingati ndagulitsa ine? Limbikirani, alamu, likubwera!"

"Dzanja latopa."

"Sinthani linalo."

"Ndagwirira makwerero."

"Gwirani ndi mawondo! Magetsi awa, osati masewera!"

"Alamu."

"Chiyani?"

"Ili ndi babu limodzi. Makina owotcherera aja adzafuna alamu angati?"

"Inu pukusani. Za masamu musiyire eni ake." A Stephano anaima, n'kusisita ndevu. "Tamverani. MmaLesego akamalowa pa geti, inu mukhale pomwepo, muzipukusa. Iwo aone babu, ine ndiwayankhulitse, abwerere m'nyumba. Nkhani yatha."

"Andiona."

"Mubisale."

"Kuseri kwa chiyani? Paipiyi ndi yaing'ono kuposa mwendo wanga."

"Akakuonani munene kuti mukukonza."

"Sindikukonza."

"Munene kuti mukuthira girisi."

"Girisi ali kuti?"

"Palibe girisi! Mungonena!"

"Akandifunsa kuti ndione girisiyo?"

"Mtswana wa zaka zimenezija angafune kuona girisi wa chiyani? Alamu, kabodza kakang'ono sikapha munthu. Shedi iyi ikachoka makina ndikawaika kuti? Pabedi? Mageti atatu a anthu ali m'menemu osamaliza. Mlongo wanu adzadya chiyani, yunifolomu yanu?"

"Mawa ndikuwerenga mawu ku tchalitchi."

"Mudzalapa m'mawa musanawerenge!"

"Ndikhoza kuwauza kuti ndikupukusa chifukwa mphepo yakana. Zimenezo ndi zoona."

"Tsikani."

"Ndisiye?"

"Tsikani, musanandiphe ndi BP."

Prosper anasiya. Diso la nkhuku lija linatsinzina. Anatsika, anavalanso jekete, n'kumanga mabatani onse mpaka la pakhosi.

A Stephano anakhala pa chivundikiro cha diramu, ndipo pang'onopang'ono nkhope yawo inayambanso kuwala, monga imachitira nkhope ya munthu amene wakumbukira kuti ndi wochenjera.

"Mwamwayi ine sindidalira anthu ngati inu. Njoka yanzeru imakhala ndi maenje awiri. Mukudziwa zimene ndinawauza MmaLesego dzana?"

"Ayi."

"Anabwera pano, manja kumbuyo, akuti rra, bwanji sichikuzungulira? Ine ndinati mma, makina alibe vuto. Vuto ndi bwalo lanu. Pali chinthu chikutchinga mphepo. Ndipo lamulo la famu ya mphepo, dziko lonse lapansi, ndi lakuti chilichonse chotchinga chichoke, kaya n'cha ndani. Chikachoka, magetsi mbwee. Chikapanda kuchoka, mlandu si wanga."

"Chotchingacho n'chiyani?"

"Simukuona? Morula uyo!" Analoza chimtengo cha pakona pa bwalo. "Malemu amuna awo ankakhala pansi pake tsiku lililonse. Mpando wawo ukadali pomwepo. Mayi uja angalole kudula dzanja lake, osati mtengo umenewo. Ndiye aziti akaganiza zondithamangitsa, ine ndiziti mma, mwadula? Iwo ayi. Ine ndiye tidikire. Chaka chino, chaka chamawa. Inenso ndiyamba kuyeza mphepo zaka ziwiri ngati anzanu aja!"

Anaseka mpaka kutsokomola. Prosper sanaseke. Ankaoneka ngati akufufuza chinthu m'matumba a m'mutu mwake.

"Oho," anatero. "Nkhani ya chotchinga ija."

Chifuwa cha a Stephano chinaima.

"Ija iti?"

"Anandifunsa dzulo nditadzera kuno, ndikupita kokwera kombi."

"Anakufunsani chiyani?"

"Anati dumela rra."

"Pambuyo pa moniwo!"

"Ndinati dumela mma."

"Prosper!"

"Anati mlamu wako akuti pali chotchinga mphepo, koma Chingerezi chake chimandipweteketsa mutu, ndipo Setswana chake zaka zonsezi chinathera pa dumela ndi pula, ndalama ya kuno. Ndiye tandiuza iwe, chotchingacho ndi chiti?"

"Inu munati morula."

"Simunandiuze kuti ndi morula."

"Pabwalo pano chachikulu n'chiyani? Simukanatha kuganiza?"

"Ndinaganiza. Ndinaganiza kuti tiyeze, monga amachitira a pa fulo yachitatu. Koma chaka panalibe, kombi ikanandisiya. Ndiye tinatenga phulusa."

"Phulusa."

"La pa mbaula yawo. Anabweretsa m'mbale."

A Stephano anaimirira pang'onopang'ono.

"Pitirizani."

"Tinayamba pa morula. Ndinaponya m'mwamba. Linauluka bwinobwino, linadutsa pansi pa nthambi, n'kukagwera pa zovala za aneba. MmaLesego anati zisakudetse nkhawa, mayi ameneyo sitiyankhulana."

"Kenako?"

"Tinapita pa chimbudzi. Linaulukanso. Pa khola la nkhuku, chimodzimodzi. Kenako tinabwera pano, patsinde pa famu. Ndinaponya."

"Linauluka."

"Linagwera pa nsapato zanga. Onani, silinachoke lonse."

"Mphepo inali itapita kukapuma nthawi imeneyo!"

"Nawonso anaganiza choncho. Ndiye tinazungulira kuseri kwa shedi yanu, mbali ya kum'mawa, kumene mphepo imachokera. Ndinaponya. Psuu! Lonse linakamenya malata a shedi, lina n'kutibwerera kumaso. MmaLesego anachita kuyetsemula."

"Inu munanena chiyani?"

"Sindinanene kanthu. Linanena ndi phulusa."

"Mayo ine!"

"Anandifunsa chifukwa chimene munadzikira chinthuchi chogundana ndi shedi. Ndinati waya anali wamfupi."

"Anakufunsani ndani za waya?"

"Iwowo. Kenako anati, kodi mlamu wako ananenadi kuti chilichonse, kaya n'cha ndani? Ndinati ine panalibe, koma mawu amenewo ndi akedi, amawakonda. Akamanena amaika dzanja pamtima."

"Anakwiya?"

"Ayi, anasangalala kwambiri. Anati chibadwire sanaonepo munthu wodzipereka chotero, wolola kugwetsa shedi yake kuti bwalo lonse lipeze magetsi. Anati Amalawi ndinu anthu a Mulungu. Ndinati ke a leboga, mma."

"Munathokozanso!"

"Anatiyamikira tonse."

A Stephano anayenda kupita ku geti, n'kubwerera, n'kupitanso, ngati nkhuku yofuna poikira.

"Dikirani. Ku Ramotswa apita kukatani?"

"Kukatenga ana a mchemwali wawo. Omanga nyumba aja, ali ndi kabakki kofiira. Anati munthu wamkulu ngati inu asavutike kuphwasula yekha."

"Ndipo inu mwakhala pano m'mawa wonse, mukundiuza za mbalame zosaina, osanena zimenezi?"

"Munafunsa ngati ali m'nyumba. Ndinati apita ku Ramotswa."

"Mlamu wanga ndinu kapena chilango? Gwirani apa! Tizule chimtandachi, tikachidzike pakati pa bwalo. Chikazungulira iwo asanafike, shedi yapulumuka. Gwirani!"

Anakumbatira paipi onse awiri. A Stephano anabuula, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo. Prosper anakoka mwaulemu. Paipi sinamve kanthu.

"Munathira konkire," anatero Prosper.

"Pang'ono chabe!"

"Matumba awiri. Munati ngakhale njovu za ku Chobe zibwere."

"Ndinkangonena!"

"Simenti sinadziwe."

"Tengani chopukusira, tidule patsinde!"

"Chimafuna magetsi."

"Lumikizani ku nyumba yaikulu!"

"MmaLesego anakiya. Anati kuyambira lero muli ndi anuanu."

Kumsewu kunamveka hutala, kenako nyimbo za pa wailesi, kenako fumbi lofiira linakwera pamwamba pa mpanda.

"Ndi iwowo! Thamangani pa geti, mukawaimitse. Ndinu mlonda, mwavala ndi yunifolomu yomwe!"

"Ndimalondera ku CBD. Kuno ndine mlendo."

"Mukawauze kuti geti lafa!"

"Munaliwotcherera ndinu. Limatseguka ndi chala chimodzi."

"Mukawauze kuti ndadwala! Ndakomoka! Ndapita ku Malawi!"

"Chiti mwa zitatuzi?"

Geti linatsegukadi ndi chala chimodzi. Kabakki kofiira kanalowa chambuyo mpaka pakhomo pa shedi, ndipo m'menemo munatsika anyamata atatu a mapewa ngati mafiriji, wina hamala, wina chitsulo chozulira misomali. MmaLesego anatsika kutsogolo, chikwama pamkono, nkhope ili mwee.

"Dumela, rra! Iwe khala pansi, upume. Ana awa ndi achangu."

"Mma! Wait, mma! Morula, mma! Prosper, tamasulirani! Auzeni kuti panali kusamvana pang'ono!"

Prosper anayankhula nawo Setswana mofatsa, mayiwo anayankha mwachidule, akusisita a Stephano paphewa.

"Akuti musachite manyazi, mtima wabwino sabisa."

"Mwawauza chiyani?"

"Kuti mukufuna kunena za morula."

"Ndiye?"

"Akuti zikomo powakumbutsa. Makina anu ndi mageti aja awaunjika pansi pake, pali mthunzi, mpaka mupeze kopita nawo."

Hamala inalira gwa! Lata loyamba linatsika. Lachiwiri linatsatira, likulira ngati bingu la dzinja. Pamene anyamata aja ankakanganula lachitatu, mphepo ya Ogasiti inalowa pa mpatapo ndi fumbi lake lonse, inakweza kolala ya ovolosi ya a Stephano, ndipo pamwamba pa mitu yawo panamveka kwee. Kenako kwee, kwee. Kenako kwekwekwekwe, mapiko a diramu akuthamanga okha popanda dzanja la munthu.

MmaLesego analuluta. Anyamata anaomba m'manja, n'kubwerera pa ntchito ndi mphamvu zatsopano, poti tsopano anali ataona ndi maso awo kuti akugwetsa chinthu choyenera.

Prosper anagwada patsinde pa mtanda, anatola waya uja mosamala, n'kuimirira babu lili m'manja, likuwala chikasu masanasana.

"Alamu, munkanena zoona. Layaka lokha." Anayang'ana pamene panali shedi, pamene tsopano panangotsala mitengo inayi ndi thambo. "Ndikalipachike kuti?"